Tsamba likamavina, bandulo ya kasitomala imatha

Alamu anga atandiimbira kuchokera ku Johannesburg kuti ndiwapezere pogona sabata imodzi ku Lilongwe, n'kuti ndangotsika minibasi pa Malangalanga. Ndinakhala pakhonde la sitolo ina n'kutsegula tsamba la pa intaneti la loji ina ya ku Area 10. Kachizindikiro kanayamba kuzungulira, kenaka dzina la lojiyo linatulukira likugubuduka, nyimbo n'kuyamba kulira yokha, kanema woonetsa dziwe losambiramo n'kuima panjira. Posakhalitsa kunalowa uthenga woti bandulo yatsala pang'ono. Mtengo wa chipinda sindinauone, nambala yoimbira sindinaipeze, ndipo alamuwo anakagona kwina.

Zinandiwawa, chifukwa eni lojiyo anataya ndalama kuti tsambalo likongole. Pa kompyuta ya mu ofesi ku City Centre, kumene intaneti imalipiridwa ndi kampani, liyenera kuti limatseguka bwinobwino. Koma ambirife timalowa pa intaneti ndi foni, pa bandulo ya Airtel kapena TNM yomwe tagula titapatula pa ndalama ya ndiwo. Ngakhale kumaiko kumene intaneti ndi yotchipa anthu sadikira: mu 2016 kampani ya Google inalengeza kuti mwa anthu 100 alionse otsegula tsamba pa foni, 53 amalisiya likapitirira masekondi atatu lisanatseguke.

Matenda amenewa ndi akale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 makampani ankapikisana kuika makatuni pakhomo la masamba awo pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Flash. Inali yolemera, inkadya batire, ndipo Steve Jobs anaikaniza pa iPhone. Eni ake, a Adobe, anaitseka kumapeto kwa 2020. Masiku ano zithunzi zoyenda zimatheka ndi njira zopepuka kwambiri, kotero kulemera kwa tsamba sikuchokera ku luso koma ku maganizo a woliyitanitsa.

Zithunzi zoyenda ndi zodinadina zili ndi mphamvu, ndipo umboni wake uli mumzinda momwe muno. Mu 2013 pa sukulu ya pulayimale ya Biwi, ana anaphunzira masamu pa matabuleti kwa masabata asanu ndi atatu, m'Chichewa, ndi pulogalamu yomwe lero imadziwika kuti ndi ya bungwe la onebillion. Mwana akadina, chinthu chimasuntha. Akalakwa, mawu amamuuza kuti ayesenso. Ofufuza a ku University of Nottingham anapeza kuti anawa anapita patsogolo kuposa anzawo amene ankangophunzira m'kalasi mwa masiku onse. Chomwe ndikuona pamenepa n'chakuti chithunzi chilichonse chinkasuntha chifukwa mwana wachikhudza, ndipo chinkamuyankha.

Nanga wamalonda wa ku Lilongwe angamuyankhe chiyani kasitomala?

Choyamba ndi njira. Aliyense wokhala kuno amadziwa kuti manambala a ma Area satsatana ndi malo: Area 43 ili kufupi ndi Area 10, Area 9 yagundizana ndi Area 3, ndipo mlendo amene akuganiza kuti Area 47 ili kutali ndi Area 15 amadabwa. Kumalo a mipanda ya njerwa, mageti amafanana, zikwangwani n'zochepa, ndipo timalozerana ndi mitengo, matchalitchi ndi maraundabauti. "Mukadutsa pa Crossroads mukhotere kumanzere, geti lachitatu lakuda," basi. Mapu odinika, oti munthu awakuze ndi zala ziwiri n'kuwatumizira wa kabaza kapena dalaivala wa takisi, amagwira ntchito yoposa kanema aliyense wa dzuwa likulowa.

Ochititsa lendi nyumba ku Area 12 ndi Area 43 ali ndi mwayi wawo. Ambiri mwa ofuna nyumbazi ndi ogwira ntchito ku maofesi a akazembe ndi mabungwe, amene amayamba kusaka asanatere pa bwalo la ndege la Kamuzu. Munthu wotereyu amafuna kuzungulira m'chipinda ndi chala, kuona khitchini, kuona ngati pali thanki ya madzi ndi sola ya nthawi imene magetsi azima. Koma zithunzi zozungulirazo zizitseguka iye akadina, osati kumugwera asanapemphe.

Ku Old Town nkhani ndi mitengo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wolembedwa mwezi watha sukhulupirika. Sitolo ya zomangira itaika pa tsamba pake kabokosi koti munthu alembe mulitali ndi mulifupi mwa denga, iko n'kumuwerengera malata ndi misomali pa mtengo wa lero, ingamupulumutse ku ulendo wa minibasi ziwiri. Pansi pake pakhale batani la WhatsApp ndi njira yolipirira pa Airtel Money kapena Mpamba. Kabokosi kotere n'kopepuka kuposa chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni.

Anthu opanga zimenezi tili nawo. Rachel Sibande anakhazikitsa mHub ku Lilongwe mu 2013, ndipo achinyamata ambiri aphunzirirako kulemba mapulogalamu. Kutsidya kwa Mchinji, Malenga Mulendema wa ku Zambia analemba katuni ya Supa Team 4, ya atsikana anayi a ku Lusaka, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Chimene ndikupempha kwa eni bizinesi n'chochepa: mnyamata kapena mtsikana akabwera kudzakuonetsani tsamba limene wakupangirani, musalionere pa laputopu yake mu ofesi. Tengani foni yotchipa, mugule bandulo ya tsiku limodzi, mukaime pa depoti ya mabasi masana, dzuwa likuwalira pagalasi, n'kuyesa kupeza mtengo ndi nambala yanu.