Wa ng'oma m'tchalitchi: ena amanyamula chikwama, ena amasonkha moto

M'matchalitchi ambiri akuluakulu a ku America, Britain ndi Australia, woimba madiramu amakhala m'kachipinda kagalasi pambali pa guwa. Amamutsekera dala kuti phokoso lake lisamize mawu a oimba, ndipo chimene mpingo umamva chimadzera m'maikolofoni, wokweza ndi kutsitsa ali munthu wa pa mikisa. M'makutu mwake mumakhala timahedifoni tomugogodera liwiro la nyimbo, zomwe amazitcha click. Nyimbo za Lamulungu amazilandira pafoni m'kati mwa sabata, iliyonse italembedwa liwiro lake m'manambala. M'chikwama sasiya timitengo tapadera poti tina tingathyoke, tina tomanga kamtolo tolira motsika pa nyimbo zodekha, ndi kiyi wokungira zikopa zake zapulasitiki. Malo akachepa amangokhalira cajón, bokosi lamatabwa lochokera ku Peru.

Kwathu kumudzi kukonzekera kumayamba ndi moto. Ng'oma ya chikopa cha ng'ombe kapena cha mbuzi ikagona m'chinyezi, makamaka m'dzinja kapena m'mawa wa June, imadzuka italefuka. Anyamata amayatsa udzu kuseri kwa tchalitchi n'kumaiwamba, uku akuitembenuza, uku akuigogoda ndi chala mpaka liwu litafika pamene akufuna. Ukaiyandikizitsa, chikopa chimapsa n'kung'ambika. Phula lomata pakati ndilo limapatsa ng'oma liwu lakuya lija, ndipo kuchuluka kwake amayesa ndi khutu basi. Mapemphero akatalika chikopa chimazizira, choncho mukaona mnyamata akutuluka nayo mwakachetechete ulaliki uli m'kati, musamuyese wothawa Mawu.

Ng'oma imeneyi sinalowe m'tchalitchi mophweka. Amishonale ambiri oyambirira ankaiona ngati ya Gule Wamkulu ndi mizimu. Kwa Akatolika khomo linatseguka kwenikweni ndi msonkhano wa Vatican II wa 1962 mpaka 1965, ngakhale kuti ku Congo nyimbo za Misa zotchedwa Missa Luba zinali zitajambulidwa kale mu 1958, ng'oma zili momwemo. Ku Ethiopia nkhani yake ndi ina: kumeneko ng'oma ya kebero yakhala m'mapemphero a mpingo wa Orthodox kwa zaka mazanamazana.

Kusiyana kwenikweni pakati pa wa madiramu wa m'kachipinda kagalasi uja ndi wa ng'oma wakwathu kuli pa amene amalamula liwiro. Kunja kuja makina ndiwo amatsogolera, mpingo n'kumatsatira. Kuno mayi mmodzi amaimirira n'kuyambitsa kolasi yomwe sinali pa ndandanda, amvano anzake n'kulandira, manja n'kuyamba kuomba, visekese kapena maseche n'kulowa. Wa ng'oma amamvetsera kaye kenako n'kudzipezera polowera. Mzere wa chopereka ukatalika, nyimbo imabwerezedwa mpaka womaliza ataponya, ndipo iye ayenera kuona yekha nthawi yokoleza ndi yoziziritsa. Luso limeneli saligula m'sitolo, ndipo click sangalikwanitse.

Chondidandaulitsa ndi zam'tauni. Mipingo yambiri ku Blantyre ndi Lilongwe yagula madiramu, koma yawaika m'nyumba ya malata ndi simenti, yopanda siling'i. Mnyamata akamenya mbale zachitsulo za madiramuwo ndi mphamvu zonse, agogo a pa benchi yakutsogolo samvanso ngakhale liwu limodzi la nyimbo. Tatengera chida, tasiya mwambo wake wodziletsa. Kwina zafika poipa: biti ya pa kiyibodi yamulanda ntchito wa ng'oma, ndipo magetsi akathima kwaya imangoti kakasi pakati pa vesi.

Galasi lotsekera wa madiramu lija ndi lodula, ndipo sindikuona kuti tikulifuna. Zoyenera kubwereka kwa anzathu akunjawo n'zotchipa: kudziwa nyimbo Lamulungu lisanafike, kufika ola limodzi mapemphero asanayambe, kukhala ndi timitengo topepuka, ndi kutuma munthu akaime kumbuyo kwa tchalitchi pa pulakatisi kuti anene ngati mawu akumveka. Ng'oma yachikopa ija nayo ichoke m'chipinda chosungira katundu, ikhale pafupi ndi madiramu, yowambawamba kale.