Galimoto Yakale Ikakana Giya Yomaliza, Yambani ndi Mawaya

Abale anga alimi a chimanga ndi fodya, nyengo ya msika ikafika ambiri a ife timadalira galimoto zakale kuti zitinyamulire mabelo kupita ku okushoni ku Limbe, kumene fodya anayamba kugulitsidwa mwa njira imeneyi mu 1938. Zambiri mwa galimoto zimenezi zinachokera ku Japan zitayendapo kale, ndipo zina ndi zosintha zokha magiya. Lero ndifuna tikambirane za matenda amodzi amene amadya ndalama za mlimi pachabe, ndiwo kukana kwa giya yomaliza yotchedwa overdrive.

M'mwezi wa June ndinakumana ndi mlimi wina wa ku Chiradzulu atakhala pa mwala kunja kwa msika wa fodya, dzanja lili patsaya. Galimoto yake, Hilux yakale, inali kulira mokweza pa mseu wonse ndi kumwa mafuta koposa kale. Makaniko wina anali atamuuza kuti giyabokosi yatha, ndipo mtengo wa ina unali wofanana ndi mabelo angapo a fodya wake wabwino. Anati kwa ine, "Alangizi, ndikagula chimenechi feteleza wa chaka chino ndimtenga kuti?" Ine ndinati, "Bambo, musalipire msanga. Tiyeni tiyambe taona zazing'ono."

Kodi overdrive nchiyani?

Iyi ndi giya imene galimoto imalowamo ikathamanga pa mseu wosalala, kuti injini ipume. M'giyabokosi yotchedwa A340, imene ili m'galimoto zambiri za Toyota za m'zaka za 1980 ndi 1990, injini imene inali kuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi mu giya yachitatu imatsika kufika pafupifupi 2,100 ikalowa overdrive, liwiro la galimoto osasintha. Nchifukwa chake giya imeneyi ikakana, phokoso limakula, mafuta amatha msanga, ndipo injini imakalamba nthawi yake isanakwane.

Tsono chofunika kudziwa nchakuti giya imeneyi imalamulidwa ndi magetsi. Pali kabatani pa ndodo ya magiya, kanyali kolembedwa O/D OFF patsogolo pa woyendetsa, kompyuta yaing'ono, ndiponso tizitseko ta mafuta totsegulidwa ndi magetsi totchedwa solenoid. Chimodzi mwa izi chikalephera, giya sibwera, ngakhale zitsulo zonse za m'kati zili zangwiro.

Kafufuzidwe kake

Choyamba, yang'anani kanyali. Ngati kali kuyaka kosazima, ndiye kuti overdrive yaletsedwa ndi kabatani, kapena mwana anakakhudza posewera. Kanikizani kabataniko. Ngati kanyali sikasintha, vuto lili pa kabatani kapena pa timawaya take, timene timaduka kawirikawiri pamene ndodo imapindikira.

Chachiwiri, onani mafyuzi ndi mitu ya batire, ndiponso waya wolumikiza injini ku chitsulo cha galimoto. Dzimbiri ndi fumbi la miseu yathu zimatchinga magetsi. Palani bwino, mumange zolimba. Fyuzi ikapsa ikani ina ya nambala yomweyo. Kumangapo waya wamba kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu ndiko kuitana moto.

Chachitatu, yesani oilo wa m'giyabokosi injini ili yotentha ndi yolira, galimoto itaima pamalo osapendekeka, ndodo ili pa P. Oilo wabwino ngwofiira. Ngati wachepa, onjezani wa mtundu wake. Koma ngati wada ndipo akununkha chopsereza, pamenepo vuto lili m'kati, ndipo waya sangalithetse.

Chachinai, ngati kanyali kali kuthwanima kokha, kompyuta yaona cholakwa ndipo ifuna kukuuzani. Pa galimoto za Toyota za zaka zimenezo, pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Injini ili yozima, tsegulani kiyi, onetsetsani kuti overdrive siinaletsedwe ndi kabatani, kenaka lumikizani mabowo awiri olembedwa TE1 ndi E1 ndi kawaya kakafupi. Werengani kuthwanimako: kukathwanima kasanu ndi kamodzi, nkupuma, nkuthwanimanso kawiri, nambala yake ndi 62. Nambala 42 ndi 61 zinena za zida zoyesa liwiro; 62 ndi 63 zinena za masolenoid awiri osintha magiya; 64 inena za solenoid yachitatu. Samalani kuti musalumikize mabowo ena. Galimoto zatsopanopo zilibe njira imeneyi, zimafuna makina owerengera amene ali m'magalaja.

Nambala ikatuluka musafulumire kugula chida. Nambalayo inena njira yonse ya magetsi, kuyambira ku kompyuta kufikira ku chidacho, ndipo nthawi zambiri wolakwa ndi waya wopsa ndi ekizozi kapena wodyedwa ndi makoswe. Inu amene mumaimika galimoto pafupi ndi nkhokwe, kumbukirani zimenezi. Solenoid yamoyo ya A340 ikayesedwa ndi mita imaonetsa pakati pa 11 ndi 15 ohm, ndipo ikagunditsidwa ku batire imamveka kuti "ke".

Chimene tinapeza

Pa galimoto ya mnzathu wa ku Chiradzulu kanyali sikanali kuthwanima, mafyuzi anali bwino, oilo anali wofiira. Ndinamufunsa ngati vutoli linalipo m'mwezi wa October. Anati ai, linayamba ndi chisanu. Titayenda pa mseu wa Chipembere kuchokera ku Limbe mpaka ku Ginnery Corner, ndinaona kuti muvi wosonyeza kutentha kwa injini sunachoke pansi. Pamenepo anakumbukira kuti chaka chatha wina anamuchotsera thermostat, namuuza kuti dziko lotentha ngati lathu siliifuna.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Thermostat ndi kachitseko kamene kamaletsa madzi kupita ku radiyeta kufikira injini itafunda. Ndipo kompyuta ya giyabokosi siilola overdrive ngati madzi sanafike pafupifupi madigiri 60. M'nyengo yotentha madzi ankafikabe pamenepo ngakhale popanda thermostat, koma m'mawa wa chiperoni sankafika. Giyabokosi inalibe mlandu, inali kungomvera lamulo lake. Anaika thermostat ina, giya inabwera, ndipo ndalama za feteleza zinatsala m'thumba. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kufuna zipangizo zosowa

Zipangizo za galimoto zakale zimavuta kupeza, pakuti zonse zimachokera kunja, monga ku Japan, Dubai ndi Johannesburg, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, mitengo yake inakwera kwambiri. Chotero mlimi ayenera kugula kamodzi, ndi kugula choyenera.

Musanachoke kumudzi, lembani zonse zimene zili pa kachitsulo ka pansi pa boneti: nambala ya galimoto ya FRAME, mtundu wa injini, ndi mzere wolembedwa TRANS/AXLE, umene unena mtundu wa giyabokosi. Kungoti "ndifuna cha Hilux" sikukwanira, chifukwa Hilux ilipo ya mitundu yambiri. Tengani chida chakalecho m'manja kuti mukafanizire mabowo ndi mutu wa mawaya.

Yambani ndi masitolo a zipangizo a mu Limbe ndi m'kati mwa Blantyre, ndipo funsani mitengo m'masitolo atatu musanatulutse ndalama. Chikasowa kumeneko, pitani ku msika wa Ndirande, kumene amagulitsa zida zomasulidwa ku galimoto zakufa. Kumeneko pitani ndi makaniko amene mumamkhulupirira, atenge mita, ndipo chida chiyesedwe inu muli kuona. Panganani poyamba kuti chikakana mudzachibweza, ndipo mulandire lisiti. Dziwaninso kuti giyabokosi ya A340 inapangidwa ndi kampani ya Aisin, ndipo abale ake ali m'galimoto zina, monga Pajero ina yakale. Nthawi zina chida cha kumeneko chimakwana, koma fanizirani mosamala. Chenjerani ndi zatsopano zotsika mtengo kopitirira, zonyezimira m'bokosi lokongola. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chida chakale chenicheni choyesedwa bwino chimaposa chatsopano chachinyengo.

Kwa osunga galimoto za ku Ulaya

Alipo owerengeka amene akusungabe galimoto za makolo, monga Standard Vanguard, Triumph kapena Volvo yakale, zokhala ndi overdrive ya Laycock yopangidwa ku Sheffield. Kafufuzidwe kake nkofanana: fyuzi, swichi, mawaya, solenoid, ndi oilo. Koma pali kaswichi kena pa giyabokosi koletsa overdrive pamene mubwerera m'mbuyo. Musalole munthu kukalambalala ndi waya, chifukwa kubwerera m'mbuyo overdrive ili yolowa kumaswa zitsulo za m'kati, ndipo zimenezo simudzazipeza m'Blantyre muno.

Mau otsiriza

Overdrive njabwino pa mseu wosalala, monga kuchokera ku Lunzu kupita ku Zalewa. Koma mukasenza mabelo kapena matumba a chimanga pa chitunda, ndipo mukamva galimoto ikusinthasintha magiya, iletseni ndi kabatani. Chitaninso chomwecho potsika mapiri a mseu wa Chikwawa, kuti injini ithandize mabuleki. Munthu akakuuzani kuti giyabokosi yatha, mufunseni mwaulemu kuti wayesa chiyani, ndipo nambala imene kanyali kaonetsa ndi iti. Amene wayesadi adzakuyankhani mosavuta. Amene sanayese, muuzeni kuti ayambe wayesa, ndalama zanu zikali m'thumba.