Mukawoloka Lusuntha ndi Motoka, Lamulo Lasintha Ngakhale Msewu Ndi Womwewo

Imwe a ku Lundazi, tonse timamudziwa mnyamata uja. Wabwereka Noah ya amalume ake, wapakira akwati ndi makireti a zakumwa, ulendo wa ku ukwati ku Mzimba. Ati: "Ku Malawi ni pafupi chabe, naimwe." Zoona, ndi pafupi. Koma tsiku limenelo anthu anadya nsima ya ukwati iye akali pa boda, akufotokoza chifukwa chake white book ili ndi dzina la munthu wina.

Chimene chimatinamiza ndi ichi. Mukachoka pa Boma kupita ku Lusuntha n'kuwolokera ku Mqocha, zonse zimaoneka monga kwanu. Amayenda kumanzere ngati ife. Chitumbuka ndi chomwecho. Ngakhale ndalama dzina lake ndi kwacha. Manje lamulo ndi la eni dziko, ndipo wapolisi wa kumeneko sadziwa kuti ndinu mwana wa ndani.

Yambani ndi mapepala. Pasipoti kapena border pass ndi yanu imwe, motoka nayo ifuna zake. Nyamulani laisensi, white book, ndipo ngati motoka si yanu, kalata ya mwiniwake yokulolani kutuluka nayo m'dziko. Ku mbali ya Malawi, a MRA amapereka chilolezo cholowetsa motoka kwa kanthawi, chija amati TIP. Onani tsiku limene chithera, musangochiponya mu dashibodi.

Inshuwalansi yanu ya kuno imathera pa boda. Njira ndi ziwiri: kugula ya ku Malawi, kapena kutengeratu Yellow Card ya COMESA ku kampani yanu ya inshuwalansi. Zambia ndi Malawi onse ali m'dongosolo limeneli, ndipo khadiyo imalipirira munthu amene mwamuvulaza pangozi. Popanda iyo, kugunda wa njinga mmodzi chabe kungakugulitsitseni munda.

Mukafika pa Jenda mwalowa M1, msewu waukulu wopita ku Mzuzu kumpoto ndi ku Kasungu kummwera. Pamenepo pali rodibuloko yodziwika maningi. Imani bwino, tsitsani galasi, perekani moni. Matrayango awiri akhale pafupi, osati pansi pa matumba a nyemba. Akakulipiritsani, pemphani lisiti ya boma. Za "tikambe bwino, bwana" m'dziko la eni zimatha moipa.

Ndiye pali malamulo osalembedwa. M1 ndi yopapatiza m'malo ambiri, ndipo mumagawana ndi akabaza, ngolo, mbuzi ndi ma Sienta amene amaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Pa tsiku la msika, anthu amadzaza mpaka pa tara. Mukaona masamba ataikidwa pamsewu, chepetsani liwiro: mwina kutsogolo kwafa motoka, mwina pali maliro. Ngati ndi maliro, tsitsani nyimbo, dutsani pang'onopang'ono. Kudutsa mothamanga pamenepo ndi chipongwe, ndipo nambala yanu ya ku Zambia aliyense aiona.

Usiku, ngati mungathe, gonani. Njinga zambiri zilibe magetsi, ndipo maenje simukuwadziwa.

Mnyamata uja anabwerera pa Boma madzulo, zakumwa zitatentha, akwati atakwera njinga zamoto. Amalume ake sanakalipe. Anangotambasula dzanja kuti alandire makiyi.