Chivomezi chinatha kalekale, nanga mtima ukugundiranji?

Ngati munali ku Karonga mu Disembala 2009, mukukumbukira momwe nthaka inkagwedezekera mobwerezabwereza, makoma akung'aluka, mabanja akugona panja. Papita zaka, komabe alipo ena amene lole yolemera ikadutsa mumsewu wa M1 n'kugwedeza mawindo, mtima umathamanga ndipo miyendo imafuna kuthawa. Mwina ndinu, mwina ndi amayi anu. Si misala, si kulodzedwa.

Zambiri za mantha otere tazidziwa kudzera mwa makoswe. Joseph LeDoux wa ku New York University ankawaliza kaphokoso, kenako n'kuwagwiritsa magetsi pang'ono kumapazi. Posakhalitsa khoswe ankauma thupi akangomva kaphokosoko. Kachigawo kakang'ono ka ubongo kotchedwa amygdala ndi kamene kamasunga phunziro lakuti "phokoso ili ndi ngozi", ndipo kamafulumira kuposa kuganiza. N'chifukwa chake mumadzidzimuka musanazindikire kuti ndi lole chabe.

Nanga mantha amachepa bwanji? Khoswe akamva kaphokoso kambirimbiri popanda kupwetekedwa, amasiya kuuma. Mu 2002, Mohammed Milad ndi Gregory Quirk ku Puerto Rico anaonetsa kuti panthawiyi mbali ina ya ubongo wakutsogolo imayamba kugwira ntchito n'kumaletsa amygdala. Apa mumvetsetse bwino: mantha akale safufutika. Ubongo umaphunzira phunziro lachiwiri, lakuti "tsopano kuli bata", n'kuliika pamwamba pa loyamba. Khoswe yemweyo mukamusamutsira m'khola lina, mantha amatha kubwerera.

Munthu si khoswe, inde, koma aphungu a maganizo amatsata njira yomweyi. Samuuza wodwala kuti aiwale. Amamuthandiza kubwerera ku zomwe zinamuchitikira pang'onopang'ono, ali pamalo otetezeka, mpaka thupi litazolowera kuti ngoziyo inadutsa. Amene amapewa chilichonse chomukumbutsa, mwachitsanzo kukana kugona m'nyumba ya njerwa, ubongo wake supeza mpata wophunzira phunziro lachiwirilo. Ndipo m'bale wanu atachira n'kudzachitanso mantha mphepo yamkuntho ikawomba malata, musamunene kuti thandizo lija linapita pachabe.

Ngati maloto oipa, kusowa tulo ndi kudzidzimuka zakhala kupitirira mwezi, kafotokozeni ku chipatala chapafupi. A St John of God ku Mzuzu amathandizanso anthu a mavuto otere.