Mizukwa Yachoka M'chisakasa, Yalowa Pabalaza

Ku Milange mizukwa inkabwera pa njinga. Njinga zomwe zija zinkawoloka Muloza zitasenza matumba a chimanga kupita ku Limbuli, pobwerera zinkanyamula sopo, shuga ndi mchere, ndipo pakati pa katunduyo pankabisala kaseti ya vidiyo yokulungidwa m'jumbo. Inkafika itatopa kale. Inali yokopera kuchokera ku kaseti ina ya ku Limbe, iyonso yokopera kwa inzake, ndipo tepi ya VHS ukamaikopera, ulendo uliwonse mtundu umasuluka, mawu n'kumalowa pansi.

Tikumbuke kumene tinkachokera. Mu 1986 tawuni ino inagwa m'manja mwa Renamo, anthu n'kukhamukira ku Mulanje, minda ya tiyi ya m'tsinde mwa phiri la Tumbine n'kusanduka tchire. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mabanja anayamba kubwerera, ndipo anyamata okulira kutsidya anabwera ndi chizolowezi chimene makolo awo sankachidziwa: kulowa vidiyo. Chaka chomwecho ku Nigeria wamalonda Kenneth Nnebue anatulutsa Living in Bondage, filimu ya m'Chiigbo imene sinadikire holo ya kanema koma inalunjika m'makaseti. Ndi nkhani ya Andy, amene anapereka mkazi wake Merit kuti alemere, mzimu wa mkaziyo n'kumusowetsa pogona. Ife sitinafunikire womasulira. Kumeneko ndi kukhwima, ndipo nkhani zake tinakula nazo. Pambuyo pake zinatipeza Nneka the Pretty Serpent ndi Karishika, zitasakanikirana ndi za Azungu: The Evil Dead, Child's Play ya kachidole kaja Chucky, ndi Anaconda.

Vidiyo yake inali chisakasa cha nsungwi chotchingidwa ndi masaka kuti kuwala kusalowe. Panja pankakhala bolodi lolembedwa ndi choko, sipika yokokera anthu, ndi jenereta yolira kuposa filimuyo. Pakhomo ankalandira kwacha kapena metikali, zonse zinali ndalama. Ukalowa unkapeza mabenchi, fungo la petulo ndi thukuta, ndi ka TV kali pamwamba pa tebulo kutsogolo uko. Zithunzi zake zinali ngati ukuyang'ana munthu m'khitchini momwe asonkhezera nkhuni zaziwisi. Mizere inkayenda kuchoka pansi kukwera m'mwamba, nkhope zili zobiriwira, usiku wa m'filimu uli bii! Chinyezi cha kuno chinkachititsa tepi nkhungu, ndiye deki inkaitafuna pa malo okoma penipeni. Woonetsa ankatsegula deki, kupukuta mutu wake ndi kansalu konyowetsa sipiriti, kudula tepi yofwanyikayo ndi lezala n'kulumikiza ndi selotepu. Filimu ikayambiranso, munthu amene anali wamoyo tinkamupeza atafa kale, ndipo mkangano wa mmene wafera unkatha sabata.

Koma mantha ake! Poti maso sankaona bwino, mtima ndiwo unkamalizitsa chithunzicho. Chiwanda cha pansi pa nyumba mu The Evil Dead sitinachione bwinobwino, tinkangoona maso oyera ndi dzanja likutukula chitseko. Zotsalazo aliyense ankadzazamo za kumudzi kwawo: afiti a m'lichero, ndondocha, fisi wokwerapo munthu. Filimu ikatha tinkabwerera m'gulu, osafuna kukhala wam'mbuyo, tikulimbitsana mtima kuti mwini filimu safa.

Ndipo m'chisakasamo munali amuna okhaokha. Mtsikana wolowa vidiyo ankatchuka mudzi wonse. Alongo athu ankamva mafilimu amenewa m'kamwa mwathu pamtondo, ife tikuwonjezera mchere. Amayi ankangodziwa kuti kumeneko n'kumene kumathera ndalama ya kuchigayo.

Tsopano bwerani mudzaone lero.

Kaseti inagonja kwa VCD, VCD inagonja kwa DVD, ndipo lero zonsezo zagonja kwa memore khadi yochepa kuposa chikhadabo. Umapita pamsika kwa mnyamata wa kompyuta, n'kubenetsa mafilimu khumi nthawi imodzi. Padenga pali sola, pakona pali batire, TV yalowa pabalaza, ndipo wopanda TV ali ndi foni. Palibe tepi yoduka, palibe mafuta othera pakati pa filimu. Ambiri mwa mafilimuwa amabwera ndi mawu a Chichewa oikidwa ndi anyamata a ku Malawi, amene amamasulira, kuthirira ndemanga, ngakhale kuchenjeza mwini filimu kuti asatsegule chitseko chimenecho. Mzukwa wa ku America ukulankhula Chichewa cha mu Limbe, ndani angaugwire mtima osaseka?

Kunjako nakonso anthu sanagone. The Evil Dead inajambulidwa pa filimu ya 16mm m'kanyumba ka m'nkhalango ku Tennessee, ndi Sam Raimi amene anali ndi zaka 20 zokha, pamodzi ndi mnzake wa paubwana Bruce Campbell, n'kutuluka mu 1981. Ku Britain kaseti yake inavuta kwambiri: apolisi ankailanda m'masitolo obwereketsa mavidiyo, ndipo phokoso la mafilimu a mtundu umenewu linabala lamulo loyang'anira makaseti mu 1984. Filimu yomweyo, yomwe ankaithamangitsa, inadzatsukidwa bwinobwino n'kutulutsidwa pa chimbale cha 4K mu 2018. Makope oyera otere ndiwo amayenda pa intaneti mpaka kudzagwera m'memore khadi ya pa Milange.

Chithunzi chitayera, chinsinsi chonse chili poyera. Chiwanda chija chinkatigoneka ndi nyali ndi mtsikana wopakidwa zoyera kumaso, ndipo pamene zopakazo zathera pakhosi pakuoneka. Magazi aja ndi manyuchi a chimanga osakaniza ndi utoto wa chakudya. Mitembo yosungunuka kumapeto ija ndi zoumbaumba zimene ankazisuntha pang'onopang'ono, akujambula chithunzi chimodzichimodzi. Chinjoka cha mu Anaconda ya 1997, chija chinameza Jon Voight n'kumulavula, pena chikuonekeratu kuti ndi makina ovekedwa chikopa, pena ndi chojambula pa kompyuta. Za ku Nigeria ndiye musanene: moto wotuluka m'maso uli mizere iwiri yofiira, munthu akuzimiririka koma mthunzi wa wojambula uli pakhoma.

Wina angaganize kuti kuona zimenezi kumathetsa chikondi. Kwa ine chawonjezeka. Kale ndinkaopa chiwanda, lero ndikuona anthu amene anachipanga: achinyamata opanda ndalama, akuzizidwa m'nkhalango, akuthira manyuchi pankhope ya mnzawo, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti adzaopseza dziko. Ndipo analiopsezadi, mpaka kudzafika m'tsinde mwa Tumbine kumene sanakulotepo. A ku Nigeria nawo anatenga kamera ya vidiyo wamba n'kuyambitsa Nollywood. Eni ake sanachite nawo manyazi mafilimu amenewa. Mu 2019 Ramsey Nouah anapitiriza nkhani ya Andy mu Living in Bondage: Breaking Free, ndipo mu 2020 Nneka anajambulidwanso mwatsopano. Zatsopanozo n'zosalala, koma kwathu zikaikidwa, anthu amapempha zakale zomwe zija za moto wa mizere iwiri.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi anthu amene akhala kutsogolo kwa TV. Pamphasa pali alongo anga, aja ankamva za Karishika pamtondo, ndipo lero akutitsutsa kuti theka la zimene tinkawauza linali bodza. Amayi ali pampando, akukalipira Andy mwachindunji: "Iwe, chuma chake chiti chimenecho? Mkazi wabwinobwino ameneyu!" Agogo aakazi, amene anaona nkhondo ndi maso awo, saopa kanthu. Chiwanda chikatulukira amaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, n'kufunsa kuti, "Kodi mwana ameneyu amake akudziwa kuti akuchita zimenezi?" Ana timawathamangitsa kukagona pa zoopsa kwambirizo, koma amasuzumira pa katani, ndipo akakuwa timangoimitsa filimu, kubweza m'mbuyo, n'kuwaonetsa pamene chigoba cha kumaso chathera. M'chisakasa muja ukanapempha kuti abweze, akanakutulutsa.

Loweruka likubwerali tili ndi Evil Dead II ya 1987, momwe dzanja la Ash, mwini filimu, limamupandukira n'kuyamba kumuswera mbale m'mutu, iye n'kumalimbana nalo m'khitchini monse. Batire tatchaja kale, chinangwa chokazinga chilipo, ndipo azakhali atumiza uthenga kuchokera ku Muloza kuti wina asayerekeze kuyatsa iwo asanawoloke.