Mdani Wobisala M'zofunda za Mwana

Mwana akamadzikanda usiku wonse, khungu litauma ndi kung'ambika kuseri kwa mawondo ndi m'kati mwa zigongono, makolo ambiri amati ndi mphere. Kawirikawiri imakhala nthenda yosapatsirana imene madokotala amaitcha eczema.

Mwa ana ena, nthendayi imakula chifukwa cha tizilombo ta m'fumbi tosaoneka ndi maso. Timakhala m'matiresi, m'mapilo ndi m'mabulangete, ndipo timaswana kwambiri m'dzinja, m'nyumba mukakhala chinyezi. Sitiluma ayi, zitosi zake ndizo zimautsa kuyabwa.

Choncho makolo, chapani zofunda ndi madzi otentha sabata iliyonse, ndipo ziyanikeni padzuwa. Wazani madzi musanasese. Mwanayo muzimudzoza Vaseline mukangomusambitsa, ndi kumuwenga zikhadabo. Zilonda zikayamba kutuluka mafinya, thamangirani naye kuchipatala osazengereza.