Masewera a Chess Amene Anatha Popanda Wopambana

M'masewera a chess si nthawi zonse mmodzi agonjetsa mnzace. Mfumu ikalephereka kugwidwa mbali zonse ziwiri, osewerawo agawana cigoli, theka uyu, theka uyo.

Zotere zinaoneka m'caka ca 1962 ku Varna, m'dziko la Bulgaria, pa mpikisano wa maiko. Mikhail Botvinnik wa ku Soviet Union, ngwazi ya dziko lonse pa nthawiyo, anakomana ndi Bobby Fischer wa ku America, mnyamata wa zaka 19. Fischer anamlanda mkuluyo kamsilikali kamodzi. Ndiko kacepetsetsa pa thabwa, koma pakati pa akatswiri kamodzi komweko kakwanira kugwetsa munthu.

Nthawi itatha, masewera anaimitsidwa kufikira m'mawa mwace, monga mwa mwambo wa masiku amenewo. Usikuwo anzace a Botvinnik anacezera kufufuza, ndipo Efim Geller anapeza populumukira. Atayambanso, Botvinnik anapereka dala kamsilikali kace kena, nalanda ka Fischer kofunika koposa. Totsala ta mnyamatayo tinali ta m'mphepete mwa thabwa, tosakhoza kuboola.

Botvinnik atasuntha ka 68, anabvomerezana kuti alingana. Awiriwa sanasewerenso pamodzi.